Kapitawo Amene Analandidwa Lezala

Inu amene mwangokwezedwa pa udindo ndipo mutu ukukuzungulirani, imvani za kapitawo wina wa matelala.

Tsiku limene bwana anamuuza kuti oda ya mayunifolomu ikachedwanso amuchotsa pa udindo, mayiyu anakabisala m'chipinda chosungira nsalu n'kulira ngati mwana. Chinamuwawa n'chakuti pa fakitale yonse panalibe wosoka bwino kuposa iye. Anakula movutika, kusoka anaphunzirira pakhonde la sitolo, ndipo ukapitawowu anaupeza ndi thukuta.

Koma anali ndi nthenda imodzi. Akaona msoko wakhota, sankalankhula. Ankangotulutsa lezala, n'kumasula, n'kusokanso yekha. Matelala anamupatsa dzina loti Namasula, ndipo anasiya kusamala. Uvutikirenji poti Namasula akonza? Mulu wa malaya unkangokula pa tebulo lake, anzake akuyasamula.

Amene anamupeza m'chipindamo ndi mayi a ku ofesi yoona za ogwira ntchito, omwe aliyense ankawaitana kuti Azakhali. Anamusiya alire mpaka atope, kenako anatambasula dzanja.

"Mwanawe, bweretsa lezala ija."

"Azakhali, nanga ntchito ndigwira bwanji?"

"Ntchito yako pano ndi anthu, si makolala. Makina akonso ndikukaphimba. Za abwana undisiyire ine."

Masiku oyamba anali owawa. Manja ankamuyabwa, moti ankayenda pakati pa makina atawabisa kumbuyo ngati wapolisi, matelala akusekera pansi. Mtsikana wina atakhotetsa kolala, Namasula anakoka mpando n'kumuonetsa pogwira nsalu. Mtsikanayo analakwitsa, analakwitsanso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Atakhoza, mtsikanayo anaimirira n'kuikweza kolalayo m'mwamba kuti onse aione, ndipo Namasula anamva chimwemwe chimene msoko wake sunamupatsepo.

Panalinso bambo wina wachikulire amene iye ankamuyesa waulesi. Atakhala naye pansi, bamboyo anaulula mwamanyazi kuti pakona pamene ankakhala, ulusi sankauona bwino. Namasula anathamangira kwa Azakhali. Bamboyo anasamutsidwira pawindo, ndipo Azakhali anamuthandiza kupeza magalasi.

Oda ija inatuluka pa tsiku lake, ngakhale katoni yomaliza inamangidwa galimoto ikuliza kale hutala pageti. Bwana anatsika, anaunika misoko, n'kufunsa, "Mwa malaya onsewa, anu ndi ati, mayi?"

Namasula anayankha, "Palibe ngakhale amodzi, bwana."

Bwana anayang'ana matelala aja, onse atatupa ndi kunyada. "Ndiye kuti kapitawo tamupeza," anatero.

Inu otsogolera anzanu, mwina lero mukulira chifukwa mukusenza nokha katundu wa anthu ambiri. Pemphani thandizo, phunzitsani anzanu, ndipo aloleni alakwitse inu muli pambali pawo. Zimawawa poyamba, koma osataya mtima.