Mipini Yotola Kumanda

Ine ndinali wosema mipini ya makasu, ndipo ntchito imeneyo ndinaiipitsa ndi manja anga omwe. Ndiyambe ndi kuvomera kuti pasapezeke wondimvera chisoni: sindinalodzedwe, sindinali pa njala, ndipo palibe anandituma. Unali ulesi ndi dyera basi. Zinandichotsera mkazi, mwana ndi mudzi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira, malovu amadzaza m'kamwa ngati ndaponda chonyansa. Inu owerenga, makamaka inu amene anthu amakubweretserani zipangizo zawo kuti muwakonzere, mvetserani za munthu wopusa ine.

Ndinali mkamwini kwa Makhuwira, tsidya la kum'mawa kwa Shire, m'munsi mwa mapiri. Ndinafika pamudzipo ndi mphasa yokha. Amene anandisandutsa munthu ndi alamu anga a Khembo, mchimwene wa mkazi wanga. Ataona kuti kulima ndimalima ngati wobwereka manja, anayamba kunditenga kuphiri nandiphunzitsa kusema, kenako anandipatsa kasemasema wawo. Chifukwa cha iwo apongozi analeka kundiyang'ana cham'mbali, ndipo titabereka mwana wathu Chanazi ndinayamba kudzimva kuti pamudzipo ndi pathu.

Mpini si mtengo wamba. Umafuna nthambi ya tsanya kapena mthethe yokhala ndi mutu wa mfundo, kuti isang'aluke khasu likagunda pouma. Uiseme, uiumitse pamthunzi, kenako uwotche msuka wa khasu, nsonga ija yolowa mumpini, mpaka ufiire, n'kumaboola pang'onopang'ono. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inali itathera ku nkhuni za masitima apamadzi, choncho nthambi yabwino inkapezeka kuphiri kokha. Ulendo wake unali wa tsiku lathunthu, m'dzuwa lija la kuchigwa limene limawotcha ndi nyerere zomwe. Ntchitoyo ndinkaikonda pakulandira nkhuku ndi mapira, koma kukwera phiri ndinkadana nako.

Nkhondo ya Azungu itatha, amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali, akubwerera kwawo, kunagwa chimfine chimene chinasesa midzi. Kunali masiku ena oika anthu awiri dzuwa lisanapendeke. Tsono mwambo wathu mukuudziwa. Adzukulu, anthu okumba manda, amatolera makasu m'nyumba za pamudzi. Akamaliza kukwirira amagulula makasuwo, zitsulo n'kuzitsuka ndi mankhwala kuti zibwerere kwa eni ake, koma mipini imatsala komweko. Yagwira dothi la wakufa, siiyenera kulowanso m'nyumba kapena m'munda wa chakudya. Maliro aliwonse ankasiya makasu asanu kapena asanu ndi limodzi ali opanda mipini, ndipo onsewo ankabwera pakhomo panga.

Tsiku lina ndikutsika kuphiri ndi nthambi zitatu zokha, mapazi atatupa, ndinadutsa njira ya m'mbali mwa manda. Anali masana enieni, nthawi imene munthu aliyense wa kuchigwa amakhala atagona pansi pa mtengo. Ndinaona mipini itaunjikidwa pafupi ndi mitumbira yatsopano. Inali mipini youma bwino, yoboola kale, ina yosema ine ndemwe. Ndinaima. Ndinadziuza kuti chiswe chidzangoidya, kuti mtengo ndi mtengo, kuti kumishoni amati zinthu zotere zilibe mphamvu. Taonani kuchenjera kwa wakuba: kutchalitchi sindinkapondako, koma tsiku limenelo mawu a kumishoni ndinawakumbukira bwinobwino. Ndinatola inayi n'kuikulunga m'udzu pamodzi ndi nthambi zanga.

Ndinaibisa kuseri kwa nkhokwe. M'mawa mwake ndinaipala ndi phale la botolo kuti thukuta la eni ake lichoke. Dothi la kumanda linali litalowa m'ming'alu, ndipo ndinkalikolokosa ndi minga. Linkanunkha chinyezi chake chachilendo, ndipo tsiku loyambalo ndinalephera kudya. Tsiku lachiwiri ndinadya. Ichi ndicho chimandinyansa kuposa zonse, kuti mtima wanga unangofuna tsiku limodzi kuti uzolowere. Ndikapala, ndinkapaka phulusa ndi mafuta a nsatsi, n'kupsereza pakamwa pa bowo ndi chitsulo chamoto kuti pazioneka ngati paboola kumene.

Mbiri yanga inakwera. Anthu ankati mkamwini wa kwa a Khembo ndi wachangu, ukapita m'mawa masana khasu lili mumpini. Amayi ofedwa ankagwada pondithokoza. Mkazi wanga ankandiseka kuti, “Bambo a Chanazi, masiku ano mitengo ikumatsika yokha kuphiri?” Ine n'kumaseka nawo, manja ali mbuu ndi fumbi la kumanda, kenako n'kunyamula mwana ndi manja omwewo. Mipini ina inabwerera kumanda kachiwiri pa maliro ena, ine n'kukaitolanso. Ndinkaizindikira ndi mapalidwe anga. Munthu mmodzi ndinamugulitsa mpini wake womwe kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo anandiyamikira kuti wamukhala m'manja ngati wakale uja.

Kenako chimfine chinatenga a Khembo. Ndinalira, ndipo misozi yake inali yeniyeni, musaganize kuti ndinkanamizira. Mkazi wanga ndiye analowa m'nyumba ya mchimwene wake n'kupereka khasu lawo kwa adzukulu. Patapita masiku anayi ndinali kumanda, masana, ndi mtolo wanga wa udzu. Ndinali nditadzilonjeza kuti za pamtumbira wa alamu sindikhudza. Koma sabata imeneyo anaika anthu atatu moyandikana, ndipo mipini yonse inali mulu umodzi. Ndikanatha kubwerera chimanjamanja. Ndinatola yonse.

Madzi a Shire ataphwa, aliyense anathamangira kudimba. Amene munalimako kuchigwa mukudziwa kuti chinyezi cha kudimba sichidikira munthu, ukachedwa sabata imodzi wadzala pafumbi. Mpini wa mkazi wanga unathyoka tsiku lachiwiri. Anandipempha katatu, ine ndili kalikiliki ndi makasu a anthu obwera ndi nkhuku. Ulendo wachitatu analankhula mokwiya, kuti mkazi wa wosema mipini akubwereka khasu kwa anansi. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, n'kutenga umene unali pamwamba. Bowo linalipo kale, choncho sindinavutike n'kukoleza moto. Ndinangolowetsa msuka n'kugogoda pamwala kawiri. Inu owerenga, nthambi yabwino ya tsanya ndinali nayo, itatsamira pakhonde. Ikanandidyera theka la tsiku lokha, ndipo mkazi wanga ndinamuona kuti sakuyenera theka la tsiku.

Analima nalo dimba lonse. Anadzala chimanga, maungu ndi mbatata, Chanazi ali kumsana. Chimanga chinamera bwino chaka chimenecho, chobiriwira mpaka kuda. Chitafika m'chiuno, akupalira, khasu linayamba kugwedera kenako linaguluka. Anatenga kamtengo kuti akolokose m'bowo aikemo kachibanthu kolimbitsira, ndipo m'katimo munatuluka kansanza.

Anafika pakhomo dzuwa lili pamutu. Sanalire, sanakuwe. Anaika mpini patsogolo panga, n'kutambasula kansanzako pachikhatho. Kanali kakuda ndi thukuta, koma timadontho toyera tinkaonekabe.

“Mukukadziwa aka?” anandifunsa.

Ndinati sindikukadziwa, ndipo pamenepo ndinkanena zoona.

“Ndi chirundu changa chakale. Ndinang'amba ndekha m'munda wa thonje, khasu la achimwene litagwedera, ndipo iwo anakalowetsa m'bowo ine ndikuona. Khasu limenelo ndinapereka kwa adzukulu ndi manja awa. Tandiuzani, bambo a Chanazi, mpini uwu unakatsika phiri liti?”

Ndinayamba kunena za chiswe, za mtengo kuti ndi mtengo. Anangodzuka, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe kumene sankapitako chifukwa ndinkati kuli zida zakuthwa, n'kukankha udzu ndi phazi. Inalipo khumi ndi umodzi, ina isanapalidwe, dothi likadali kumutu. Anayang'ana manja ake nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kusanza pomwepo.

“Ndalima chakudya cha mwana ndi chokumbira manda a mbale wanga,” anatero akupukuta kukamwa. “Ndipo mwandipatsa ndinu.”

Anapita yekha kukaitana a Fombe, mkulu wa adzukulu. A Fombe anali munthu wanthabwala, monga amakhalira adzukulu, woti amaseketsa anthu pamaliro penipeni. Tsiku limenelo sanaseke. Anayang'ana muluwo n'kunena kuti, “Ife timati afisi akutha mipini. Kodi fisi wake ndi wovala nsalu?” Mawu amenewo okha, ndipo anandikanirira mpaka lero.

Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Anthu anabwera mmodzimmodzi, aliyense n'kugulula khasu lake pabwalo panga n'kuponya mpini pansi. Ndikanakonda akanandimenya. Ankangoponya n'kupukuta manja m'dothi. Mayi wina amene anaika ana awiri mwezi umodzi anandifunsa ngati mpini wake unali wa pa mwana wamkulu kapena wamng'ono, koma ine za kumene mpini uliwonse unachokera sindinkasunga n'komwe. Ngakhale mipini imene ndinasema moona, ya mitengo yodula ndekha kuphiri, inaponyedwa pamulu womwewo. Ndani akanakhulupirira kuti uwu ndi wabwino?

M'mawa mwake a Fombe anandisenzetsa yonse kubwerera nayo kumanda. Ndinayenda maulendo anayi, kudutsa pakati pa mudzi, popanda udzu wokulungira. Iwo anakhala pansi pa mtengo ndi mphika wa mankhwala, kutsuka makasu ndi manja a aliyense amene anagwira mipiniyo. Ine ananditsuka pomalizira, madzi atada. Makasu a mudzi wonse anakhala opanda mipini pakati pa nyengo yopalira, amuna n'kumakwera phiri okha kukafuna nthambi. Mabanja ena anadya za kumadimba awo atatsirira mankhwala. Mkazi wanga anakana. Dimba lija lobiriwira analisiyira mvuu ndi anyani, ndipo chaka chimenecho iye ndi Chanazi anadya nyika, timizu ta m'madambo, chimanga chawo chikudyedwa ndi zilombo.

Sipanakhale mlandu wautali. Mkamwini akaipa sachedwa naye. Nditabwera ulendo wachinayi ndinapeza mphasa yanga ili panja, yokulungidwa. Ndinagwada pakhomo n'kupempha kuti andikhululukire chifukwa cha mwana. Mkazi wanga anatuluka, ndipo anandiyankha mofatsa, kufatsa kumene kunandipweteka kuposa chipongwe.

“Mukanaba mbuzi, ndikanakubisani. Mukanapita kwa mkazi wina, tikanakamba. Koma ine ndikaona dzanja lanu likulowa m'mbale, ndiziona dothi la achimwene. Ndidzadya bwanji?”

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge kasemasema amene anali pakhonde. Anamuponda ndi phazi. Anati mwini wake wagona kumanda, ndipo ngati ndikumufuna ndikam'pemphe komweko popeza njira ndikuidziwa. Chanazi anali atagwira nsalu ya amake. Nditafuna kumusisita kumutu, amake anamukokera kumbuyo, osati mwaukali, koma monga momwe mayi amachotsera mwana pafupi ndi moto.

Ndinawoloka Shire n'kutsikira cha ku Bangula, kumene ndakhala zaka zonsezi ndikusenza mitolo ya thonje ya anthu ena. Mbiri inandipeza komweko, pakuti apangalawa sasunga nkhani. Sindinasemerenso munthu mpini. Chanazi anakula, anakwatiwa, ndipo ndinamva kwa ogulitsa nsomba kuti ali ndi ana. Ndinatumiza nkhuku ziwiri. Zinabwerera ndi munthu yemweyo.

Tsono inu okonza zinthu za anthu, osula, osema, osoka madengu, ndikukupemphani. Munthu akakupatsani khasu lake sangaone zimene mwaika m'kati. Amangokukhulupirirani, n'kupita nalo kumunda kumene kumachokera chakudya cha ana ake. Ngati mulibe chabwino choikapo, muuzeni kuti adikire. Ngati mukuikapo chakale, nenani kuti ndi chakale ndi kumene mwachitenga, asankhe yekha. Ngati simungathe kutchula kumene chachokera, ndiye kuti mukudziwa kale kuti n'chonyansa. Ndipo a m'nyumba mwanu musawapatse zotsala chifukwa choti sabwera ndi nkhuku.

Ine ndakalamba tsopano, ndipo ndimaganiza za tsiku langa. Adzukulu adzayenda m'nyumba za pano kutolera makasu, monga mwa mwambo. Ndimayang'ana makomo a anansi anga n'kumawerenga amene angadzatulutse khasu lawo chifukwa cha ine, podziwa kuti mpini wake sudzabwerera. Sindinafikepo pa awiri. N'chifukwa chake chaka chatha ndinakwera phiri ndi miyendo yokalambayi, n'kudula nthambi imodzi ya tsanya. Ndinaisema ndi mpeni, ndinaiboola ndi moto monga anandiphunzitsira a Khembo, ndipo khasu lake lili kuseri kwa chitseko, silinagwirepo dothi. Pa mipini yonse ya moyo wanga, umenewu wokha ndi umene ndikudziwa kuti palibe amene adzanyansidwe nawo, chifukwa udzakumba manda amodzi n'kutsala pomwepo.