Girini ndi Olenji

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 90, zipani zitachuluka, makompyuta nawonso anayamba kufika m'maofesi a pa Dedza Boma. Ine ndinali wotaipa makalata, ndipo abwana anandiuza mosapita m'mbali kuti mataipi akutha ntchito. Ndikakhoza mayeso olumikiza makompyuta ku Lilongwe ntchito ikhalapo, ndikalephera ndibwerere kwathu ku Mphunzi kukagwira khasu. Mayesowo sanali olemba ayi. Ankakulowetsa m'chipinda, kukupatsa makompyuta, chingwe ndi pulayasi, n'kukuuza kuti makinawa alankhulane.

Buku lenileni sindinalionepo. Ndinkawerenga fotokope ya fotokope inzake, zithunzi zonse zakuda ndi zoyera. M'kati mwa chingwecho muli timawaya tisanu ndi titatu, ndipo kalikonse kali ndi malo ake m'pulagi malinga ndi mtundu wake: olenji, girini, buluu, bulauni. Dongosolo limeneli ndinaliloweza ngati katekisimu. Ndinkaliimba posamba, mano akugundana ndi chisanu cha mu Juni. Matama ndinali nawo, sindibisa.

Kenaka mnzanga wa ku Lilongwe ananditumizira chidutswa cha chingwe pa minibasi. Tsikulo bambo anga anabwera kudzagulitsa tomato kumsika, ndipo anadzera kunyumba kudzamwa tiyi. Ndinasenda chingwecho pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, kuti nawonso aone kuti mwana wawo si munthu wamba. Ndinayamba kuyala timawaya, uku ndikutchula mitundu yake mokweza.

Mkazi wanga, amene nyimbo yangayo inali itamutopetsa kale m'makutu, anasuzumira atanyamula makapu.

"Mwati olenji, koma mwagwira girini."

"Amayi, inu onani za tiyi. Izi n'za sukulu."

"Sukuluyo sindikukana. Koma kawaya aka n'kagirini."

Ndinapsa mtima. Iye anaika makapu pansi, natenga timawaya tiwiri n'kundiyalira pachikhatho kuti ndisankhe. Ndinayang'ana, ndinapukuta m'maso, ndinayang'ananso. Tonse tiwiri tinali tofanana ngati mapasa. Anawonjezera kabulauni, nakonso kanangolowa m'gulu lomwelo. Buluu yekha ndiye anandimvera chisoni.

Mutu unaima. Munthu wa ndevu zanga, wa ana awiri, ndinali nditakhala moyo wanga wonse osadziwa kuti anzanga amaona zinthu zimene ine sindiziona. Ndinachita mantha ngati ndauzidwa za maliro.

Bambo anaika kapu yawo ya tiyi pansi. Kenaka anati, "Paja kudimba unkathyola tomato wosapsa."

"Eya, bambo."

"Ine ndinkati ndi mwano. Ndinkakukwapula." Anayang'ana pansi. "Amalume akonso ankachita chimodzimodzi. Anthu tinkangoti ndi aulesi."

Ananyamuka msanga, akuti minibasi ingawasiye, chikhalirecho maminibasi anali mbwee pamsewu.

Masiku otsalawo ndinalimbana nazo. Kuika zizindikiro pa timawaya kunali kopanda phindu, poti kumayeso amakupatsa chingwe chawo. Mkazi wanga ankasakaniza timawaya, ine n'kumasankha. Pang'ono ndi pang'ono ndinaona kuti padzuwa kamodzi kamaoneka kotuwirako kuposa kanzake. Ndinagwira pomwepo, ndipo chiyembekezo chinabwerera.

Koma chipinda cha mayeso chinalibe dzuwa. Makatani anali otseka, kudenga kukuyaka magetsi a machubu, ndipo pansi pa magetsi amenewo kutuwa kwanga kuja kunasoweratu. Anzanga anali kalikiliki, mapulayasi akulira uku ndi uku. Ine thukuta linali kamukamu. Ndinayala timawaya mongoganizira, ndinafinya pulagi, ndi kulowetsa chingwe m'kabokosi kamene makompyuta onse amakumanamo.

Kagetsi ka pa kabokosiko kanayaka. Mtima unadumpha, ndinatsala pang'ono kuseka. Kenaka ndinakumbukira zimene woyesa ananena poyamba paja: kakayaka girini ndiye kuti zatheka, kakayaka olenji pali cholakwika, ukonze nthawi isanathe. Ndinawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza kabokosi. Kagetsi kanali kuyaka ndithu, mowala bwino.

Ndinakweza dzanja. Woyesayo, bambo wamagalasi wosaseka, anabwera pang'onopang'ono.

"Pepani bwana, kagetsika kayaka mtundu wanji?"

Anayang'ana kagetsi, anayang'ana ine, natsegula cholembera chake.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "funso limenelo ndimafuna ndikufunseni ndine."