Foni Yochokera ku Joni

Achimwene atapita ku Joni anatumizira amayi foni yotsetsereza chala, kenako iwowo nʼkungoti zii. Chaka chinatha osamva mawu awo. Koma foniyo sinkatseka pakamwa. Inkalira za gulu la kumpingo, za maliro a kwa eni, za otsatsa mabandulo, ndipo ikangolira amayi ankaponya khasu nʼkumasula nsonga ya chitenje pomwe ankaimangirira, poyesa kuti ndi mwana wawo. Ndiwo ankapsereza. Ukamacheza nawo, khutu limodzi linali kwa iwe, lina pachiuno. Ndinkapsa mtima, osadziwa wokwiyira pakati pa foni ndi achimwene.

Loweruka lina ndinachoka pa Boma, pomwe ndimaphunzitsa, nʼkupita kumudzi. Ndinakhala pansi pa msuku nʼkutontholetsa chilichonse mufonimo. Ndinasiya nambala imodzi yokha.

“Amama, kuyambira lero ikalira, ndi achimwene basi.”

“Mbwenu zinazo zizipita kuti?”

“Zizidikira mkatimo mpaka inu mutazifuna.”

“Yewo chomene, mwana wane,” anathokoza mʼChitumbuka.

Miyezi yotsatirayo ndimaikumbukira ngati maloto. Ndikapita kumudziko, mʼmawa nkhungu inkatsika kuchokera ku Chikangawa nʼkukuta munda wonse, amayi osaoneka, kumangomveka khasu ndi nyimbo za Chitumbuka zomwe ndinali nditaziiwala. Ngʼombe zinkadutsa mʼnkhungumo, mitu yokha ikuoneka. Amayi anayambanso kumaliza nkhani akaiyamba, kuseka mpaka misozi, kugona masana pamkeka pakamwa pali yasa. Ananenepako. Ine ndinkayenda modzitukumula, ndikuti ndawachiritsa.

Tsiku lina tikupuntha nyemba pabwalo, anaima nʼkundipatsa foniyo.

“Tayangʼana, mwana wane. Kapena yafa iyi?”

Batire linali lodzaza, timizere ta netiweki tonse tilipo. Ndinalakalaka kunama, koma ndinalephera.

“Ili bwinobwino, amama.”

Anayangʼana kumsewu. Mpamene ndinazindikira zomwe ndinachita. Phokoso lonse lija linkawapatsa chiyembekezo kangapo pa tsiku, ndipo wowalanda ndinali ine. Ndinachita manyazi, mtima unandiwawa.

“Ndiibweze mmene inalili kale?”

“Yayi,” anatero, akutola ndodo yawo yopunthira. “Kale inkandinamiza. Isiye choncho. Ngati mwana wanga sakuimba, ndizidziwa kuti sakuimba.”