Ubweya wa Galu wa Eni Nyumba

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene galu wa eni nyumba anamuluma pakatumba. Tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ku Chawama, ndipo galuyo ankadya bwino kuposa ife. Mwanayo ankangopita kukataya madzi otsukira mbale.

Ndinamubereka kuti ndithamangire naye kukiliniki, koma mayi eni nyumba anandiimira pageti. "Imwe amake mwana, mufuna kutiitanira ba kanso? Imbwa yathu inalasiwa nyeleti kudala. Mubweretseni kuno." Poumirira kuti galuyo anabayidwa kale jakisoni ndipo safuna a khonsolo pakhomo, anameta ubweya kumchira kwake, n'kuuwotcha pambaula, phulusa lake n'kupaka pabala. "Osasambika pachilonda masiku yatatu, mankhwala yangachoke."

Ine wapakamwa, amene pamsika sandiyamba dala, ndinangoti zikomo. Ndinkaopa kuthamangitsidwa panyumba. Sopo anali pawindo, mpopi uli pomwepo, koma bala sindinalitsuke. Patapita masiku awiri galu anasowa, ndipo bambo eni nyumba anati amupereka kwa m'bale wawo ku Lilanda.

Bala linapola bwinobwino, mpaka ine chitsiru ndinkatamanda phulusalo kwa anzanga ogulitsa tomato. Patatha mwezi ndi theka mwana anatentha thupi, n'kumadandaula kuti mwendo ukumuyabwa mkati. Kenako zinafika pamadzi. Ankalira ludzu, koma ndikamuyandikizira kapu khosi linkakana, n'kuikankha uku akunjenjemera.

Kukiliniki namwino anandifunsa komwe timakhala. Nditatchula, anasiya kulemba. "Pa yadi yamene iyo? Mwezi watha kunabwera bamai bena kuchoka pamene apo na mwana wawo, ati imbwa yawo yamuluma, yafuntha, baipaya. Mwana uja anatsiriza manyeleti yonse. Imwe munali kuti?" Apo ndinazindikira kuti akunena eni nyumba athu, ndipo galu uja anali wachiwewe. Namwinoyo anandiuza kuti chiwewe amachitchinga tsiku lolumidwa lomwelo, potsuka bala ndi sopo nthawi yaitali ndi kubayitsa jakisoni msanga. Munthu akafika pokana madzi, palibenso chochita.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu. Mwana wanga anamwalira tsiku lachinayi, milomo itang'ambika, asanamwe ngakhale dontho.

Maliro anachitikira pakhomo pomwepo. Mayi eni nyumba ndiwo analira kuposa tonse, mpaka azimayi a kutchalitchi kuwagwira kuti asagwe. Titabwera kumanda ndinawatsatira kukhitchini kwawo, mtima ukuwira, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake wawo anamubayitsa, wanga n'kumupaka phulusa.

Sanakweze n'komwe mawu. Anapitiriza kupukuta mapoto awo.

"Osakamba vambiri, bantu bangamvere. Ine wanga ninamupeleka ku chipatala chifukwa ndine amake. Nanga wanu amake anali ndani?"

Ndimadana nawo mayi amenewo mpaka lero, ndipo ndidzafa ndikudana nawo. Koma funso lawolo ndimadzifunsa ndekha mpaka pano.