Bondwe wa nkhuku za amake Joshua

Ku Kapata kuno, mukafunsa nyumba ya a Lena, amake Joshua, anthu akulozerani bwalo losesedwa mpaka kuwala, lopanda ngakhale kaudzu. Maiwa anakulira ku Madzimoyo, masana bondwe, madzulo bondwe. Tsiku limene a Philemon, kalaliki wa boma, anawakwatira n'kubwera nawo m'tauni, a Lena analumbira kuti masamba omera okha padzala sadzalowanso m'poto mwawo. Kuyambira pamenepo ndi kabichi basi, wowiritsa mpaka kuyera ngati kolala ya abusa. Bondwe akangosuzumira pabwalo, khasu. Aneba awo a Magalita, amene amamusiya kuti amere, a Lena ankawatcha odya za nkhumba. Ankanena monong'ona, koma kunong'ona kwa a Lena kumamveka mpaka kumsika.

Chaka chatha a Philemon, atapuma ntchito, anayamba chizungulire. Kuchipatala anati magazi achepa.

"Kunyumba mumadya ndiwo zanji, amai?" anafunsa anesi.

"Kabichi," anayankha a Lena, khosi lili m'mwamba.

"Kabichi si woipa, koma pa zowonjezera magazi sangafike pa bondwe. Ndiye mukamuwiritsa nthawi yaitali n'kutaya madzi, mwatsala ndi chiyani? Pamodzi ndi mapilitsiwa, muziwaphikira bondwe wanthete. Asakhalitse pamoto, ndipo soda ayi."

A Lena anabwerera atatupa. Zaka zonsezi kuthawa bondwe, lero awapeze m'chipatala, pamaso pa kamtsikana ka msinkhu wa Joshua. Kukagula kumsika sikukanatheka, poti theka la ogulitsa masamba amaimba nawo kwaya imodzi. Anapita kumpanda.

"Aneba, mundithyolereko tibondwe tanuto. Ndi ta nkhuku."

"Ta nkhuku? Palibe vuto," anatero a Magalita, n'kuzula zimitengo zokhwima, zanjere kale, zimene ngakhale mbuzi ingayambe yaganiza.

A Lena anaphika zomwezo. A Philemon anatafuna, kutafuna, kenako anafunsa mwaulemu wa ku mishoni: "Amake Joshua, kodi lero mwaphika tsache?"

Mawa lake kumpanda kunachokeranso tsache lina. A Lena analisadzula, kuliduladula, kuthira tomato wambiri, uku akutukwana chamumtima anesi, aneba, ndi Madzimoyo yense. A Philemon anakankha mbale. Poimirira anadzandira n'kugwira chitseko, milomo ili mbuu ngati kabichi uja. Apo a Lena anamanga chitenje osayang'ana n'komwe ngati chakhala bwino.

"Aneba, ndifuna nsonga zanthete."

"Nkhuku zanu zayamba kusankha?"

"Si nkhuku. Ndi atate ake Joshua. Magazi achepa."

"Mukananena dzulo, mai. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, tonse tinaziona." A Magalita anathyola nsonga zokhazokha mpaka kudzaza lichero, n'kuikapo ndi kanjere m'kapepala. "Odya za nkhumba sitimana."

Masiku ano a Philemon amafika okha kutchalitchi osapumira panjira. Kabichi akadali patebulo Lamulungu, chifukwa cha alendo. Koma kuseri kwa bafa la a Lena kwamera timasamba tobiriwira, tothiriridwa m'mamawa anthu asanadzuke. Mukawafunsa, akuuzani ndi nkhope youma kuti ndi maluwa, ndipo musayerekeze kufunsa dzina lake.