Golo Lakumadzulo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinajambula bwalo langa loyamba la masewera, ndipo ndinalijambula molakwika. Kunali kusukulu yathu ya pulayimale ku Lirangwe, mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa la kwathu limakupeza ngakhale utabisala pansi pa mtengo wa mango. Pamalo pamene panali bwalo lathu lakale la netibolo anali atamangapo makalasi atsopano. Ndiye aphunzitsi athu a zamasewera, Mayi Kachingwe, anandipatsa chingwe choyezera n'kunena kuti, "Ndiwe kaputeni, pezani malo ena." Tsiku limenelo mutu unandikula, ndisaname.

Kuseri kwa makalasi kunali malo osalala bwino, otalika kuchokera kum'mawa kulowera kumadzulo, ndipo chakumpoto kwake kunali chulu chachikulu. Tinayeza titangoweruka, dzuwa lili paliwombo. Tinathira phulusa m'mizere, anyamata a Sitandade 8 n'kutizikira mitengo iwiri ya bulugama yokhala ndi mikombero yachitsulo, wina kum'mawa wina kumadzulo. Sindinafunse nzeru kwa munthu aliyense. Kaputeni n'kumafunsanso?

Womwetsa zigoli wathu anali Tiyamike, mnzanga wa ponda apa m'pondepo, mtsikana wachialubino amene sankasiyana ndi chipewa chake chachikulu cha buluu. Maso ake sankaona patali, moti m'kalasi ankakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi bolodi. Koma akaima pansi pa mkombero, manja ake ankadziwa okha njira. Ana amene ankamutchula mayina achipongwe panjira ankakhala chete iye akamaponya mpira. Ndikuganiza kuti pasukulu yonse ija, m'bwalo la netibolo ndi mokhamo mmene anthu ankayang'ana manja ake m'malo moyang'ana khungu lake.

Ife tinkasewera cha m'ma folo koloko, kutentha kukayamba kuchepa. Tsiku loyamba pabwalo latsopanolo Tiyamike anandikokera pambali.

"Chisomo, golo lakumadzuloli dzuwa likundilasa m'maso."

"Tsitsa chipewa," ndinamuyankha motero ndikuthamanga.

Patapita masiku awiri ananenanso, ine n'kumuuza kuti azolowera. Kenako kunabwera atsikana a sukulu ina ya kwa Kuntaja kudzasewera nafe. Tikamamwetsera kum'mawa, Tiyamike sankaphonya. Tikasinthana mbali, ankaima pansi pa golo lakumadzulo atatsinzina, misozi ikutsika, mpira n'kumangodutsa pambali. Tinagonja pakwathu, anyamata akutikuwiza. Atabweranso kudzandiuza kachitatu za dzuwa lija, ndinali nditapsa mtima, ndipo ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi.

"Vuto si bwalo ayi, vuto ndi maso akowo. Tonsefe tikuona bwinobwino."

Ine ndinkasewera pakati, mpira ndinkauponya kwa anzanga, kumwamba sindinkayang'anako n'komwe. Koma zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Ndinapita kwa Mayi Kachingwe kukawapempha kuti pamasewera aakulu a ku Mdeka, amene anali atatsala masabata atatu, aike mtsikana wina. Iwo anati aganiza kaye. Tiyamike sanadikire kuti amuchotse. Tikaweruka ankangomanga makope ake n'kulunjika kwawo, ndipo m'kalasi anasiya kundibwereka labala.

Loweruka lake kunabwera amalume anga, a Makwinja, mchimwene wawo wa mayi. Ankagwira ntchito kubwalo la ndege ku Chileka, kutchetcha udzu ndi kupenta mizere yoyera, ndipo zikhadabo zawo sizinkatha penti. Sanali munthu wolankhulalankhula. Anandimva ndikufotokozera mayi nkhani yonse monyadira, mpaka mawu aja ndinawabwereza ngati ndalankhula zanzeru. Amalume anangopitiriza kusenda nzimbe yawo. Lamulungu titabwera kutchalitchi anagona pamkeka mpaka dzuwa linapendeka, kenako anadzuka.

"Tenga mpira wako, ukandionetse bwalo limene wajambulalo."

Ndinanyamuka ndikudumphadumpha, poganiza kuti akukandiyamikira. Titafika anandiimika pagolo lakum'mawa n'kundiuza kuti ndiponye kakhumi. Ndinamwetsa kasanu ndi kamodzi. Kenako tinapita kugolo lakumadzulo. Nditakweza nkhope, mkombero sindinauone. Ndinaona moto wokhawokha, dzuwa litakhala kuseri kwa chitsulocho ngati wina wachita kulipachika pamenepo. Ndinaponya mwachimbulimbuli. Pofika kachisanu maso anali akutuluka misozi, ndikatsinzina n'kumaona timadontho tobiriwira.

"Ukulira chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndi dzuwa, amalume."

"Ayi, vuto ndi maso akowo. Ine ndikuona bwinobwino."

Ndinatembenuka kuwayang'ana. Anali ataima chofulatira dzuwa, manja ali kumbuyo, nkhope yawo ili mumthunzi wa kapusi. Sanaseke ndipo sanandikalipire. Anangonena kuti, "Maliza, kwatsala kasanu." Ndinamaliza ndikulira zenizeni, chifukwa ndinazindikira kuti ngati maso anga abwinobwinowa akuwawa chonchi, a Tiyamike ankawawa kuposa pamenepa, ndipo iye anapirira masiku onsewo akuponyabe.

Atandilola kupuma anathyola kamtengo n'kukazika pakati pa bwalo. Mthunzi wake unagona m'litali mwa bwalolo, kuloza golo lakum'mawa. Anandiuza kuti ku Chileka msewu wa ndege sanaugoneke potengera pamene panali posalala, anayamba aona kumene mphepo imachokera, ndipo bwalo la mpira nalonso uyenera kuyamba waona kumene dzuwa limakhala pa nthawi imene anthu amasewera. Mthunzi wa madzulo uzidutsa bwalo chopingasa. Golo lina likhale kumpoto, lina kummwera.

"Nanga chulucho?" ndinafunsa.

"Makasu kwanu anatha?"

Kugumula chulu kunali kosavuta poyerekeza ndi ulendo wa kwa Tiyamike. Ndinamupeza pakhonde akusankha nandolo, ndipo mawu onse amene ndinakonza panjira anandithawa. Ndinangoti, "Tiya, ndakaima pagolo lija. Pepa." Anangondikankhira lichero kuti ndimuthandize kusankha. Za kukhululuka sananenepo tsiku limenelo.

Mayi Kachingwe atakaimanso okha pagolopo anavomera kuti titembenuze bwalo. Masabata awiri tinkabwera ndi makasu ndi zidebe. Dothi la pachulu m'chilimwe limalimba ngati njerwa yowotcha, ndipo m'manja mwanga munatuluka matuza amene anaphulika n'kutulukanso ena. Mlonda wa pasukulu anatinyanyalira mwezi wathunthu chifukwa pachulupo ndi pamene ankagwirapo ngumbi mvula ikagwa. Tsiku lachitatu Tiyamike anatulukira atavala malaya a manja aatali, atanyamula chidebe. Pothira phulusa m'mizere yatsopano, chingwe anagwira ndi iyeyo.

Ku Mdeka tinagonja ndi zigoli ziwiri, sindikufuna kukometsa nkhani. Koma Tiyamike anasewera, ndipo anapitiriza kusewera pabwalo lathu mpaka tinalemba mayeso a Sitandade 8.

Lero ndine foromani pa ntchito zomangamanga. Chaka chino tinapatsidwa ntchito yomanga bwalo la padel pafupi ndi Chileka. Awa ndi masewera ofananako ndi tenisi, koma bwalo lake ndi laling'ono, mamita makumi awiri m'litali ndi khumi m'lifupi, lotchingidwa ndi magalasi ndi waya, ndipo mpira wake amakonda kuukweza m'mwamba. Mwini malowo ankafuna kuti bwalo ligone motsata mpanda wake, kuchokera kum'mawa kulowera kumadzulo, kuti odutsa pamsewu aziliona bwino, ndipo zikhomo zosonyeza malire ake zinali zitakhomedwa kale. Ndinawafotokozera kawiri mu ofesi, iwo n'kumati osewera azivala magalasi a dzuwa. Ndinawapempha kuti tikumane pamalopo folo koloko. Ndinawaimika moyang'ana kumadzulo, n'kuponya kampira m'mwamba kuti awakhe. Kampirako kanawagwera paphewa. Anapukuta m'maso ndi mpango n'kunena kuti, "Mayi, zikhomozo zulani."

Madzulo ake ndinamuimbira foni Tiyamike, amene tsopano ndi mphunzitsi, kumufotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Nawonso mpaka dzuwa liwauze lokha? Paja iwe ndinakuuza katatu."

Amalume anamwalira kalekale, ndipo sindinawathokoze mokwanira. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anandiphunzitsa za kumpoto ndi kummwera, nzeru imene ikundidyetsa mpaka lero. Koma zimenezo zili m'mabuku, ndikanazipeza ndithu. Chimene anandipatsa iwo ndi mipira isanu yotsala ija, imene ndinaiponya ndikulira pamalo pamene mnzanga ankaima. Chiyambire tsiku limenelo, wantchito akandiuza kuti pamene waimapo pakuwawa, sindiyamba ndayang'ana ngati ine ndikumva kuwawa. Tiyamike ananena zoona tsiku loyamba lomwe, ndipo sankayenera kudikira kuti maso anga atuluke misozi kuti ndimukhulupirire.