Kanema wa Kudenga la Galimoto

Dzulo makaniko anamangirira kanema kudenga la galimoto yathu kuti ana azikhala chete paulendo. Nditakhala kumbuyo n'kukweza maso kuti ndimuyese, ndinakumbukira ngolo.

Ndinali ndisanayambe sukulu. Tinkachokera kumudzi, kuseri kwa Golomoti, kupita ndi amayi kuchipatala pangolo yokokedwa ndi ng'ombe. Anagona pamphasa atafunda chitenje chonunkha utsi, akupuma mobanika. Bambo ankayenda pambali ndi mkwapulo.

"Iwe, gona chagada uyang'ane kumwamba," anatero bambo. "Uzindiuza zimene mitambo ikuchita."

Ndinawauza za mbuzi yothamangitsa bwato, kenako za nkhalamba yopanda mphuno. Ndinkaseka ndekha. Ngolo itaima, ndinamva nthambi ikuthyoledwa, masamba aawisi akusomekedwa pathabwa, ng'ombe zikutembenuka. Dzuwa limene linkandiotcha tsaya lamanja linabwera kumanzere. Kubanika kuja sikunkamvekanso.

"Ababa, tikubwerera? Amayi achira?"

Bambo anandigwira chibwano n'kuchikweza.

"Usatsitse maso, mwanangu. Mbuzi ija yafika pati?"